Tikulemba mbiri ya parishi ndi sukulu yathu, koma tikukangana za chaka choyambira

Funso: "Zikomo bambo. Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale ya Katolika kuno ku Salima, ndipo andisankha kukhala mlembi wa komiti yokonza kabuku ka mbiri ya parishi yathu pamodzi ndi sukuluyi, kuti kadzatuluke pa chikondwerero cha jubile. Vuto ndi lakuti takanika kugwirizana chaka chomwe zinthuzi zinayamba. Pa chikwangwani cha sukulu pali chaka china, pa mwala wa pakhomo la tchalitchi pali china, pomwe agogo ena akulumbira kuti iwo ankaphunzira pamalo pomwepa njala ya 1949 isanagwe. Pamsonkhano wathawu anthu anakwezerana mawu, ena mpaka kutuluka. Kuwonjezera apo, mbumba ya amfumu ikuti tikapanda kulemba kuti malowa anapereka ndi agogo awo, kabukuko sikatuluka. Kodi woona ndani? Nanga tiyambire pati?" Mphunzitsi, Salima.

Mayi, mtima m'malo, komiti yanu siyinasochere ayi. Pa zaka zomwe ndakhala ndikuthandiza maparishi ndi masukulu kulemba mbiri zawo, komiti yogwirizana chaka pamsonkhano woyamba sindinaionepo. Ndipo tikafufuza bwinobwino timapeza kuti wonama palibe. Agogo aja akunena zoona, mwala ukunena zoona, chikwangwani nachonso sichikunama. Kungoti aliyense akuwerengera chinthu chakechake.

Anthu ambiri amaganiza kuti parishi ndiyo inabala sukulu. M'madera ambiri a chigawo chapakati zinayenda mosemphana: sukulu ndiyo inatsogola. Ansembe anali owerengeka, ankakhala pa mishoni, nkumatumiza aphunzitsi m'midzi. Mphunzitsi uja akalandiridwa ndi amfumu, anthu ankamanga kachisakasa ka mitengo ndi udzu, mwinanso kungokhala pansi pa mkuyu. M'mawa ana ankaphunzira kuwerenga, masamu pang'ono ndi katekisimu. Madzulo ankabwera akuluakulu a kalasi ya ubatizo, yomwe kwa ansembe a chipani cha White Fathers inkatenga zaka zinayi. Lamulungu chisakasa chomwecho chinkasanduka tchalitchi, mapemphero nkuchitika popanda wansembe. Mphunzitsi ndi katekisiti anali munthu mmodzi yemweyo. Wansembe ankangofika mwa apo ndi apo, wapansi kapena pa njinga, kudzayesa a kalasi, kulapitsa ndi kuchita Misa. Agogo anu akamati ankaphunzira pamenepo 1949 isanakwane, ndikukhulupirira akunena za sukulu yotereyi, ndipo musawaseke.

Chaka cha pa chikwangwani nthawi zambiri chimakhala cha pomwe boma linaizindikira sukuluyo. Boma la atsamunda linayamba kupereka kangachepe ku masukulu a mishoni mu 1907, ndalama zokwana £1,000 zogawana mishoni zonse, koma ofesi yeniyeni yoona za maphunziro inakhazikitsidwa mu 1926. Kuchokera pamenepo kunabadwa kusiyana pakati pa sukulu za m'midzi zomwe mishoni inkadziyendetsera yokha ndi sukulu zothandizidwa ndi boma, zomwe zinkafunika mphunzitsi wa satifiketi, nyumba yooneka bwino ndi kaundula wa ana. Sukulu ya m'chisakasa inkatha kukhala zaka zambirimbiri isanalowe m'gulu lachiwirili. Zina zinkathera pa Sub A ndi Sub B, makalasi awiri oyambira a nthawiyo, mwana wanzeru nkumapita kukagonera ku mishoni kuti akafike Sitandade 6. Tsono wolemba chikwangwani mwina anatenga chaka cholembetsa ku boma, mwinanso chaka chomwe sukulu inakhala ndi makalasi onse mpaka Sitandade 8. Funsani kuti chikwangwanicho analemba ndani ndipo chakacho anachitenga kuti. Pena mumapeza kuti wopenta anangouzidwa pakamwa ndi mphunzitsi wamkulu wa nthawiyo.

Parishi yokha ili ndi tsiku lake lobadwa lomwe silifuna mkangano. Malinga ndi malamulo a mpingo, ndime 515, wokhazikitsa parishi ndi episkopi wa dayosizi basi, ndipo amachita izi polemba kalata. Tsiku la pa kalatayo ndilo la parishi, ndipo jubile ya parishi imawerengedwa kuchokera pamenepo. Mwala wa pakhomo ukhoza kufanana ndi tsikuli koma kawirikawiri safanana, chifukwa mwala umanena za nyumba: tsiku loika maziko kapena lodalitsa tchalitchi. Pali maparishi omwe anapemphera zaka khumi m'kalasi ya sukulu tchalitchi chisanamangidwe, ndipo pali nthambi zomwe zinali ndi tchalitchi cha njerwa kalekale zisanakwezedwe kukhala parishi.

Ndiye langizo langa loyamba ndi ili: musasankhe chaka chimodzi nkutaya zinazo. Tsamba loyamba la kabukuko lionetse zaka zonsezo, chilichonse ndi chomwe chinachitika komanso komwe mwachipeza. Mudzaona kuti omwe anatuluka pamsonkhano aja abwerera, poti chomwe amafuna nkuti makolo awo asafufutidwe.

Musanafike pa mudzi wanu, patsani owerenga chithunzi cha dera lonse, koma mwachidule, tsamba limodzi ndi lokwanira. A White Fathers anafika koyamba kwa Mponda ku Mangochi mu 1889, koma sizinayende ndipo anachoka mu 1891. A chipani cha Montfort anatsegula Nzama ku Ntcheu mu 1901. A White Fathers anabweranso mu 1902 nkutsegula Mua, pansi pa mapiri a Dedza, kenaka Likuni ndi Kachebere mu 1903, Mtakataka mu 1908 ndi Bembeke mu 1910. Kunyanja kuno Akatolika sanali oyamba. Chisilamu chinali chitazika kale mizu, makamaka ku Nkhotakota kwa Jumbe ndi m'midzi ya Ayao ya m'mbali mwa nyanja. A Dutch, amishoni a mpingo wa Dutch Reformed, anali atakhazikika pa Mvera kuyambira 1889 ndipo aphunzitsi awo ankatsikira kuchigwa, pomwe a Anglican anatsegula mishoni yawo ku Nkhotakota mu 1894. Njanji itafika pa Salima mu 1935 inabweretsa antchito ochokera kummwera ndi madera ena, ndipo mukafufuza mabanja oyamba achikatolika a pafupi ndi masiteshoni, funsani komwe anachokera. Ndimapeza kuti ambiri sanali eni dera.

Chinthu china chofunika kuchidziwa msanga: Salima yambiri ndi Nkhotakota zili mu arkidayosizi ya Lilongwe, koma madera ena a kummwera kwa Salima ali pansi pa dayosizi ya Dedza, yomwe inapatulidwa mu 1956 nkupatsidwa kwa Ambuye Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kukhala wansembe komanso episkopi. Izi si zongokometsera nkhani. Zikukuuzani khomo loti mukagogode pofuna makalata akale.

Tsopano komwe kuli chuma chenicheni. Pemphani bambo mfumu, wansembe woyang'anira parishi yanu, akuonetseni buku loyamba la maubatizo. Musaliwerenge mothamanga. Onani tsiku la ubatizo nambala 1, chifukwa nthawi zambiri limayandikana kwambiri ndi tsiku lomwe parishi inayamba kudziimira payokha. Onani dzina la wansembe amene anasaina, ndi pomwe kalembedwe kasintha, poti pamenepo ndiye kuti kwabwera wansembe wina. Mabuku akale mitu yake ili m'Chilatini, koma musaope, ndi mawu ochepa obwerezabwereza: pater ndi bambo, mater ndi mayi, patrinus ndi matrina ndi aja oimira mwana pa ubatizo. Dzina lomwe likubwera mobwerezabwereza pa oimira ubatizo lilembeni pambali, chifukwa kawirikawiri ameneyo ndi katekisiti kapena mkazi wake, anthu omwe ananyamula mpingo pamutu wansembe kulibe. Mukaona mawu akuti in periculo mortis ndiye kuti munthuyo anabatizidwa ali kayakaya, mwina ndi katekisiti yemweyo, ndipo maubatizo otere akachuluka m'miyezi yotsatizana mudziwe kuti kunagwa mliri kapena njala.

Koma dziwani kuti buku la parishi yanu silingakuuzeni za nthawi ya agogo aja. Anthu a dera lanu omwe anabatizidwa parishi isanabadwe analembedwa ku mishoni yomwe inkakuyenderani. Funsani akuluakulu kuti kale Pasaka ndi Khirisimasi ankakadyera kuti, ukwati ankakadalitsira kuti, ankayenda masiku angati. Akatchula malo, pitani kumeneko ndi kalata ya bambo mfumu, mukafufuze dzina la mudzi wanu m'mabuku awo. Tsiku lomwe mudziwo ukuonekera koyamba ndi umboni wolimba kuposa mawu a munthu aliyense. Samalani ndi kalembedwe, chifukwa ansembe achifalansa ndi achidatchi ankalemba mayina a midzi momwe khutu lawo lamvera, mudzi umodzi nkulembedwa mitundu itatu.

A White Fathers anali ndi mwambo wabwino wolemba buku la zochitika za tsiku ndi tsiku pa mishoni iliyonse. Mmenemo mumapezeka zoti lero bambo wakutiwakuti apita kukatsegula sukulu kwa mfumu yakutiyakuti, mfumu yakana, kapena chisakasa chatenthedwa. Akale ambiri analembedwa m'Chifalansa, ndipo ena amasungidwa ku likulu la chipanichi ku Rome. Izi zisakufooketseni. Lemberani ku ofesi ya dayosizi, mutchule dzina la mudzi, la mfumu ndi zaka zomwe mukuganizira, iwo adziwa woti amufunse. Yambani msanga poti mayankho otere sachedwa kutenga miyezi.

Kusukulu kwanu komweko funani log book, buku lomwe mphunzitsi wamkulu amalembamo zochitika pa sukulu, ndi kaundula wolembera ana atsopano. Musakhutire ndi yankho loti "zinatayika". Pa sukulu ina ya m'mbali mwa nyanja tinauzidwa chimodzimodzi, koma mlonda wachikulire anatitengera m'kachipinda kosungira makasu ndi madesiki othyoka. Pansi pa makatoni a choko panali buku lachikuto chakuda, m'mphepete chiswe chitadya, masamba ena atamatana ndi chinyezi. Mkatimo munali dzanja la mphunzitsi wamkulu woyamba: tsiku lomwe denga linasasuka ndi mphepo, mwezi womwe ana anachepa chifukwa chotola thonje, sabata yomwe anyamata anathawira ku usodzi usipa utagwa, ndi mawu okalipa a woyendera masukulu. Mukapeza lotere musalimate ndi selotepi, musaliyanike padzuwa, ndipo masamba omatana musawakakamize. Jambulani tsamba lililonse ndi foni pamalo owala, zithunzizo muzisunge malo awiri kapena atatu. Zotsala mukazifune ku ofesi ya maphunziro ya boma, kwa mlembi wa zamaphunziro ku dayosizi, ndi ku National Archives ku Zomba komwe kuli malipoti a ma DC ndi a ofesi ya maphunziro a nthawi ya atsamunda.

Zonsezi ndi mapepala, ndipo mapepala akhoza kudikira mwezi wamawa. Agogo aja sangadikire. Ndikanakhala inu, sabata ino yomwe ndikanayamba ndi iwo. Pitani kwawo, osati kuwaitanira ku ofesi ya parishi komwe amakayankhula mwaulemu zokhazo zomwe akuganiza kuti abambo akufuna kumva. Muwaone mmodzimmodzi, chifukwa pagulu wamawu akulu ndiye amapambana ndipo amayi amangoti "ndi momwemo". Pemphani chilolezo chojambula mawu. Ndipo funso loti "chinali chaka chanji" lisiyeni, limangomuchititsa munthu manyazi nkuyamba kupeka. Funsani kuti pomwe ankayamba sukulu sitima inali itayamba kufika, asilikali anali atabwerako ku nkhondo ya Hitler, njala ija inali itadutsa, chitaganya chinalipo, ankalipira fizi ndi mashereni kapena matambala. Inu mukudziwa kuti nkhondo inatha 1945, chitaganya chinali cha 1953 mpaka 1963, ufulu 1964, kwacha inalowa 1971, Papa John Paul II anabwera 1989. Mayankho awiri kapena atatu otere amakupatsani chaka mosaphonya kwambiri. Afunseninso zing'onozing'ono: belu linali chiyani, ankalembera pa sileti kapena pansi, nyimbo yolowera m'kalasi inali yotani, mphunzitsi ankamupatsa chiyani. Zimenezi ndi zomwe anthu adzawerenge mokweza tsiku la jubile, osati mndandanda wa mayina.

Ndanena za mndandanda dala. Timabuku tambiri ta jubile tomwe ndaona timangokhala mayina a ansembe ndi zaka zawo, kenaka zithunzi za komiti itavala yunifolomu. Ansembe alembedwe ndithu, anagwira ntchito yaikulu, ena anasiya mafupa awo kuno. Koma amene anagona m'mudzimo chaka ndi chaka, kulimbana ndi malungo, kukambirana ndi amfumu, kusonkhanitsa mtulo, kuika maliro, anali aphunzitsi ndi makatekisiti akuda. Amayi omwe anatunga madzi oumbira njerwa ndi kusenza mchenga, asisiteri omwe anakakamira kuti atsikana alowe m'kalasi, nawonso akhale ndi masamba awo. Musaiwale nthawi ya miphakati, timagulu ta mabanja achikhristu oyandikana topemphera limodzi. Ambuye Patrick Kalilombe atakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972 anayendetsa sinodi, msonkhano waukulu wa dayosizi, kuyambira 1973 mpaka 1975, yomwe inakhazikitsa miphakati ngati maziko a mpingo. Funsani mphakati woyamba kwanuko unali uti ndipo unkakumana pakhomo pa yani. Funsaninso omwe analipo m'tchalitchi pa 8 Malichi 1992 pomwe kalata ya maepiskopi yodzudzula boma inawerengedwa, akuuzeni momwe anthu anatulukira tsiku limenelo. Kumbali ya sukulu, 1994 ikhale ndi ndime yakeyake. Fizi itachotsedwa ana a m'mapulayimale m'dziko muno anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo kaundula wanu akuonetsani momwe sukulu yanu inasefukirira, makalasi nkubwerera pansi pa mitengo.

Tibwere ku nkhani ya amfumu, yomwe ndi yoterera kuposa ya zaka. Kuthokoza mfumu yomwe inalandira mishoni ndi koyenera, ndipo nkulakwa kusatero. Choopsa ndi chakuti kabuku ka jubile kakhoza kudzatulutsidwa pa bwalo la milandu zaka zikubwerazi ngati umboni wa malo kapena wa ufumu. M'madera mwathu muno maufumu anagawikana, nyakwawa zinachuluka, ndipo pena mabanja awiri amalimbirana dzina limodzi. Mukalemba kuti "malowa anapereka ndi agogo a uje" mwina mwaweruza mlandu womwe simukuudziwa. Chitani izi: pitani kwa agulupu, ngati nkotheka mpaka kwa a T/A, mumve mbali zonse. Polemba tchulani dzina la ufumu, ndipo nenani poyera kuti "malinga ndi akuluakulu a mbumba yakuti". Pomwe mbali ziwiri zasiyana lembani zonse ziwiri mwaulemu. Za malire, kukula kwa malo, kapena zoti anaperekedwa ulere kapena mobwereka, musalembe kanthu musanaone mapepala a ku dayosizi. Mbumba ikaumirira mawu ena ake, nkhaniyo si yanunso monga mlembi. Ipite kwa bambo mfumu ndi khonsolo ya parishi, ndipo mukamva kafungo ka mkangano wa malo, a ku dayosizi adziwe msanga kuti afunse odziwa malamulo ndi a ofesi ya zamalo.

Momwemonso ndi funso loti sukulu ndi ya yani, lomwe limabuka nthawi zonse pa ntchito ngati iyi. Pa sukulu zambiri zotere mwini ndi mpingo, pomwe boma limatumiza ndi kulipira aphunzitsi komanso kupereka silabasi. Lembani momwe mapepala akunenera, osati momwe mbali ina ikufunira. Inuyo muli pa ntchito ya boma, choncho aphunzitsi aakulu ndi a PEA, alangizi a masukulu a pulayimale a dera lanu, adziwe zomwe mukuchita musanatulutse chilichonse cha m'mabuku a sukulu.

Pali zina zowawa zomwe mudzakumane nazo. M'zaka za m'ma 1920 kunali kulimbana koopsa pakati pa mishoni za Katolika ndi gulewamkulu m'chigawo chapakati, nkhani yake kulimbirana anyamata pakati pa sukulu ndi dambwe. Kunali kupikisana ndi a Dutch pofuna midzi. Makolo ambiri achisilamu ankakaniza ana sukulu poopa kuti akabatizidwa ndi kusinthidwa mayina, ndipo mantha amenewo sanali opanda maziko. Ine sindigwirizana ndi zobisa zimenezi, mbiri yosalala paliponse palibe amaikhulupirira. Koma kalembedwe kake kakhale kodziwa kuti zidzukulu za mbali zonsezo lero zili m'kalasi mwanu, ndipo ena mwa iwo ndi omwe anaumba njerwa za buloko yatsopano. Mawu onyoza omwe mungawapeze m'mabuku a ansembe akale musawakopere ngati anu. Pitani kwa ashehe ndi kwa akulu a mipingo ina mukamve momwe iwo amakumbukirira, mudzadabwa kuti ambiri a iwo anaphunzira pa sukulu yanu yomweyo. Ndipo za m'mabuku a masakramenti zokhudza munthu payekha, monga wobadwa kunja kwa ukwati kapena woimitsidwa masakramenti, maso anu aone koma cholembera chisakhudze. Mwana wa sukulu asatumidwe kukakopera mabuku amenewa.

Thandizo la kunja mudzalifuna pa zinthu zingapo. Chifalansa ndi Chilatini musazilotere, pezani wansembe wachikulire kapena mphunzitsi wa Chifalansa wa ku sekondale. Poti muli ku Salima, Mua si patali: ku Kungoni, malo omwe bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kuli nyumba yosungira mbiri ndi chikhalidwe komwe mungaone momwe nkhani ya mishoni ndi ya eni dera zimalukidwira pamodzi, ndipo ulendo wa komiti yonse kumeneko ungakupindulireni kuposa misonkhano ina itatu. Buku lophwanyika kwambiri funsani a ku National Archives kasamalidwe kake. Mukamaliza kulemba, perekani zolembazo kwa munthu wophunzira za mbiri amene si wa parishi yanu, aziwerenge ndi diso losakondera, kenaka zipite kwa bambo mfumu, poti kabuku kotuluka m'dzina la parishi kayenera kudutsa kwa iwo ndi ku dayosizi.

Kalata ya episkopi ikadzapezeka nkuonetsa kuti jubile mwaiwerengera molakwika ndi chaka chimodzi kapena ziwiri, musabise ndipo musasinthe chaka m'kabuku kuti chigwirizane ndi nsalu yomwe mwasindikiza kale. Auzeni bambo mfumu, iwo akambirane ndi Ambuye episkopi. Nthawi zambiri chikondwerero chimapitirira, mawu okha ndi omwe amakonzedwa kuti anene chomwe mukukumbukiradi. Kabukuko mukalembe m'Chichewa kuti agogo aja akamve, ndipo posindikiza patulani makope a ku ofesi ya parishi, ku sukulu, ku dayosizi ndi ku Zomba, pamodzi ndi mawu ojambulidwa aja ndi mayina a omwe anawayankhula.